Bambo Gonçalo da Silveira, Mwana wa Nduna Amene Anasenza Yekha Katundu Wace

Tsiku lina, titatha maphunziro a katekisimu kuno ku Chimadzi, ndinapempha anyamata kuti atsale pang'ono, asese pabwalo ndi kutunga madzi oumbira njerwa. Mmodzi wa iwo, mnyamata wanzeru ndithu amene amayankha mafunso onse mosadodoma, anandiuza mwaulemu kuti iye anabwera kudzaphunzira za Mulungu, ndipo kuti tsace ndi mtsuko ndi za amai ndi ana. Sindinamkalipire, pakuti maganizo amenewo si ace okha: ambiri a ife tiri nao mumtima, ngakhale sitiwachula pakamwa. Koma ndinamlonjeza kuti ndidzamsimbira za munthu wina wobadwira m'nyumba yaulemu koposa nyumba zathu zonse, amene anadzera m'dziko lathu lino m'caka ca 1560 akuyenda pansi, katundu ali pa phewa. Mbiriyo ndi iyi, ndipo ndailemba kuti nonse amene mukukonzekera ubatizo muimve.

Gonçalo da Silveira anabadwa pa 23 Febuluwale 1526 ku Almeirim, m'dziko la Portugal. Atate ace, Luís da Silveira, anali nduna yaikuru ya mfumu ya dzikolo, mwini minda ndi anchito ambiri. Mwanayo anali wakhumi kubadwa. Makolo ace onse awiri anamwalira iye akali wamng'ono, tsono amene anamlera ndi mlongo wace Filipa pamodzi ndi mwamuna wace. Anayamba kuphunzira kwa ansembe a cipani ca Francisko woyera, ndipo m'caka ca 1542 anapita ku sukulu yaikuru ya ku Coimbra. Njira ya mnyamata wotere inali yolambula kale: akanakhala pa bwalo la mfumu, akanakwatira mwana wa nduna ina, ndipo manja ace sakanagwira cinthu colemera kuposa lupanga.

Ku Coimbra anakomana ndi anthu a cipani catsopano, Cipani ca Yezu, amene timawachula Ajezuiti. Cipanici cinali citabvomerezedwa ndi Papa m'caka ca 1540, ndiye kuti cinali khanda. Gonçalo analowa m'menemo m'mwezi wa Juni 1543, ali ndi zaka 17. Abale ace anayesa kumbweza, koma analephera.

Tsono dziwani m'mene Inácio de Loyola, woyambitsa cipanico, anafunira kuti olowa catsopano ayesedwe. Sanayambe ndi kuwapatsa mabuku akuru. Anawatuma kukatumikira odwala m'cipatala, kuwayalira pogona ndi kuwacotsera zonyansa. Anawatuma pa ulendo wautali opanda ndalama m'thumba, kuti apemphe cakudya khomo ndi khomo ndi kulawa manyazi a munthu wosauka. M'nyumba mwao anawapatsa tsace, ndi mbale zotsuka, ndi kumvera wophika m'zonse zimene walamula. Potsiriza anawauza kuti asonkhanitse ana ndi anthu osadziwa kuwerenga, awaphunzitse mapemphero ndi malamulo a Mulungu. Mwana wa nduna uja anacita nchito zonyozeka zotere mumzinda umene anzace a pa sukulu ankamdziwa dzina ndi mtundu. Ganizani: kumenyana ndi mdani pa nkhondo kumafuna mtima wolimba, koma kusekedwa ndi anzako utanyamula mtolo pakati pa mseu kumafunanso mtima wolimba, ndipo ambiri amene sathawa mkondo amathawa kuseka kwa anthu.

Inácio sanapeke yekha njira imeneyi. Anaiona mwa Ambuye Yezu, amene anakhala zaka ngati 30 ku Nazarete osadziwika, akugwira nchito ya umisiri wa matabwa m'nyumba ya Yosefe, ndipo anaphunzitsa poyera zaka zitatu zokha. Werengani Yohane mutu 13, muone m'mene Mwana wa Mulungu, usiku woti mawa lace afa, anamangira nsalu m'cuuno natsuka mapazi a ophunzira ace, nchito imene m'nyumba za masiku amenewo inali ya kapolo. Petro anacita manyazi nayo, monga mnyamata wathu uja, mpaka Ambuye anamdzudzula. Paulo nayenso, monga tikuwerenga m'buku la Nchito za Atumwi mutu 18, ankasoka mahema ku Korinto pamodzi ndi Akwila ndi Prisila, kuti adye za thukuta lace.

Gonçalo atadzozedwa unsembe anachuka ndi kulalika. Olemba mbiri yace akale amasimba kuti pa maulendo ace a ulaliki sankagona m'nyumba za nduna, ngakhale zitseko zinali zotsekula kwa iye, koma m'nyumba za odwala ndi osauka, nadya cimene wapempha. M'caka ca 1553 anaikidwa mkulu wa nyumba ya São Roque ku Lisboa, ndipo m'caka ca 1556 anaoloka nyanja kupita ku India, kukakhala mkulu wa Ajezuiti onse a kumeneko. Anagwira udindowo zaka zitatu.

Apa ndisabise kanthu, pakuti mbiri yobisa zolakwa siphunzitsa munthu. Bambo Gonçalo anali wouma pa iye mwini, ndipo nthawi zina anali woumanso pa ena. Ku Cochin, m'caka ca 1557, anali mmodzi wa amene analimbikitsa kufufuza ndi kumanga Akristu ocokera ku mtundu wa Ayuda, powaganizira kuti akutsata cipembedzo cao cakale mobisa. Masiku ano Eklezia amaphunzitsa momveka kuti munthu asakakamizidwe pa za cikhulupiriro. Cangu ca Mulungu cikapanda cifundo cimapweteka anthu, ndipo pa cimeneci sitimtsanzira.

Atatula udindo m'caka ca 1559, kunamveka mau ocokera ku gombe lathu lino. Wacibale wa mfumu Gamba ya ku Tongue, kumtunda kwa Inhambane, anali atabatizidwa pa cisumbu ca Moçambique, ndipo kwao kunafunika ansembe. Munthu amene dzulo lace anali mkulu wa nyumba zambiri anadzipereka kupita kumene kunalibe nyumba ngakhale imodzi. Ananyamuka m'mwezi wa Januwale 1560 ndi anzace awiri, Bambo André Fernandes ndi Irmão André da Costa, amene anali wa cipani koma sanali wansembe. Anafika pa cisumbuco, pomwe zaka 19 m'mbuyomo Francisco Xavier woyera anakhala miyezi ingapo akusamala odwala m'cipatala. Kucokera apo anakwera kangalawa kakang'ono kulinga kumwera. Pofika ku Inhambane malungo anali atamgwira Bambo Gonçalo kotero kuti anatsala pang'ono kufa, ndipo Bambo André anatsogola pansi. Atapeza bwino anatsatira. Anakhala ku Tongue masabata asanu ndi awiri, nabatiza mfumu Gamba ndi anthu oposa 400. Kenaka anasiya anzace awiri aja kuti apitirize kuphunzitsa, iye nabwerera ku cisumbu, pakuti mtima wace unali pa Mwene Mutapa, mfumu yaikuru ya kumtunda, imene dziko lace linali kumwera kwa Zambezi ndipo mafumu ambiri ankaigwadira.

M'mwezi wa Seputembala caka comweco analowanso m'ngalawa, nadzera ku Quelimane, nakwera mtsinje wathu uwu kufikira ku Sena. Panalibe mlendo wololedwa kupita kwa Mwene Mutapa popanda kuitanidwa, conco anatuma mthenga nakhala pansi kudikira. Anadikira pafupifupi miyezi iwiri.

Pa miyezi iwiri imeneyi ndikufuna tiime pang'ono, cifukwa olemba mabuku amaidumpha pothamangira ku bwalo la mfumu. Ku Sena kunali Apwitikizi owerengeka ndi Akristu ena a ku India, amalonda a golide ndi minyanga, amene anakhala zaka zambiri osaona wansembe, ndipo mabanja ao anali osalongosoka. Pambali pao panali khamu la akapolo ndi anchito, anthu a m'mbali mwa mtsinje uno, opalasa ngalawa, osenza mitolo ya nsalu ndi mikanda, osinja ndi otunga madzi. Palibe mfumu ya ku Ulaya imene ikanafunsa za iwo. Munthu wina akanati: ine ndadzera mfumu, ndisunge mphamvu zanga. Bambo Gonçalo anayamba nchito ndi amene anawapeza. Anamva kulapa kwa amalonda aja, nadalitsa maukwati ao. Anasonkhanitsa akapolo nawaphunzitsa tsiku ndi tsiku kudzera mwa womasulira, ndipo amene anabatizidwa anali ngati 500. Inu mukudziwa kutentha kwa cigwa cino m'miyezi ya Okutobala ndi Novembala, pamene ngakhale mbuzi zimabisala pansi pa mlambe. Mukudziwanso kuti kuphunzitsa munthu cizindikiro ca mtanda ndi pemphero la Ambuye si nchito ya tsiku limodzi: umabwereza lero, mawa waiwala, ubwerezanso. Ine amene ndagwira nchito imeneyi zaka zambiri ndinganene kuti palibe ulemerero m'menemo umene maso angaone. Munthu amene anaphunzira m'masukulu akuru a ku Ulaya anakhala pa fumbi kubwereza mau omwewo ndi anthu amene maina ao sanalembedwe m'buku liri lonse.

Pafupi ndi Sena panali mfumu yaing'ono ya ku Inhamior, imene inamva maphunziro ace nipempha ubatizo. Iye anaiuza kuti iyambe yadikira, popeza analibe munthu womsiya kumeneko kuti apitirize kuiphunzitsa, ndiponso anaopa kukhumudwitsa Mwene Mutapa pobatiza wamng'ono mkulu asanamve. Sungani cimeneci mumtima, tidzabwererako.

Mau a mfumu atafika, anapitirira ulendo kudzera kuno ku Tete, kumene kunali kale amalonda a Cipwitikizi. Mmodzi wa iwo, Gomes Coelho, wodziwa cinenero ca dziko ndi wodziwika kwa mfumu, anamthandiza. Kucokera ku mtsinje njira inali ya pansi. Inali nyengo ya mvula zoyamba, mitsinje itayamba kudzaza. Azungu a masiku amenewo, ndi a masiku a makolo athu omwe, ankakonda kunyamulidwa pa macila. Bambo Gonçalo anamanga mtolo wa zobvala za Misa, cikho ndi mwala wa pa altare, nausenza pa phewa lace. Pooloka mitsinje ankauika pamutu, madzi ali m'khosi. Cakudya cace cinali ca apaulendo osauka. Anacita Misa za Krisimasi m'mudzi wa panjira, ndipo m'masiku omwewo a Krisimasi ya 1560 anafika ku mzinda wa mfumu, kufupi ndi mtsinje wa Musengezi.

Mwene Mutapa wa nthawi imeneyo, Negomo Mupunzagutu, anali mnyamata, ndipo mai ace anali ndi mau akuru pa zaufumu. Anamlandira mlendoyo mwaulemu monga mwa mwambo, namtumizira golide, ng'ombe ndi anthu omtumikira. Bambo Gonçalo anathokoza nabweza zonse. Mfumu inadabwa, pakuti alendo onse amene inawadziwa, Apwitikizi ndi Asilamu omwe, ankadzera zomwezo. Kudzera mwa António Caiado, Mpwitikizi wokhala pa bwalolo amene ankamasulira, inamfunsanso ngati akufuna akazi, minda kapena cuma cina, ndipo yankho linali lomwelo. Anthu a mfumu anaona m'nyumba mwace cithunzi ca Maria Virigo, nakauza mbuye wao kuti mlendo ali ndi mkazi wokongola. Mfumu itacipempha, wansembeyo anapita naco yekha nacikonzera malo m'nyumba yacifumu. Pambuyo pace mfumu inasimba kuti maiyo ankaidzera m'tulo, akulankhula cinenero cimene sinkacimva.

Patapita masiku ngati 25 cifikire, mfumu inabatizidwa nilandira dzina la Sebastião, mai ace nachedwa Maria, ndipo akuluakulu ena ngati 300 anatsatira. Mfumu inapereka ng'ombe 100. Izi sanazibweze, koma anauza Caiado kuti ziphedwe, nyama igawidwe kwa osauka. Iye mwini anapitirira kudya mapira ophika ndi masamba.

Inu amene nthawi zina mumadandaula kuti ukatekumeni ukutalika, kuti mwapita ku maphunziro mvula ziwiri kapena zitatu ndipo ubatizo sukufika, taonani apa. Ku Inhamior Bambo Gonçalo anadziwa kudikira. Pa bwalo la mfumu yaikuru anafulumira. Masiku 25 sangathe kuzika mizu ya cikhulupiriro mwa mnyamata wozingidwa ndi aphungu, amalonda ndi oombeza, amene aliyense akumkokera kwace. Mbeu inagwa pa nthaka yosalimidwa mokwanira, monga m'fanizo la wofesa lija, ndipo dzuwa loyamba linaiwamba. Sindinena izi pomnyoza munthu amene anapereka moyo wace. Ndikunena cifukwa nchito yobwerezabwereza ija, ya pa fumbi la ku Sena, ndiyo imene sinapatsidwe nthawi yace kwa mfumu.

Amalonda ena a Cisilamu ocokera ku gombe, amene anacita malonda m'dzikomo Apwitikizi asanabwere, anaona kuti mfumu ikakhala Mkristu malonda ao alowa m'manja mwa adani ao. Anauza mfumu kuti mlendoyo ndi mzondi wa akuru a Apwitikizi a ku India, kuti akugwirizana ndi mfumu ina yoipandukira, ndi kuti madzi othira pamutu aja ndi mankhwala olandira dziko. Tisafulumire kuwaweruza anthu a cipembedzo cao onse cifukwa ca ocepa amenewa, pakuti anansi athu Asilamu a lero alibe mlandu umenewu. Ndiponso mantha akuti pambuyo pa wansembe padzabwera asilikali sanali opanda pace, monga tidzaona. Koma za Bambo Gonçalo mwini linali bodza: analibe mfuti, analibe sitolo, ndipo golide anali atamkana pamaso pa onse. Mfumu inaombeza ula, nitsimikiza za kumupha.

Iye anadziwa. Caiado anamcenjeza, ndipo mpata wocoka unalipo. Sanacoke. Tsiku lace lotsiriza, pa 15 Malichi 1561, analigwiritsa nchito monga masiku ena onse. Anabatiza anthu ngati 50 amene anali kuwaphunzitsa, nawagawira makolona ndi tinsalu timene anatsala nato. Anaitana Apwitikizi okhala pafupi kuti adzalape. Anatumiza cikho ndi zobvala za Misa kwa Caiado kuti zisanyozedwe. Madzulo anabvala mkanjo wace, nayendayenda pabwalo pa nyumba yace akupemphera kufikira pakati pa usiku, kenaka analowa nagona pa mphasa pafupi ndi mtanda. Anthu asanu ndi awiri kapena asanu ndi atatu analowa, namkhwimitsa cingwe pakhosi, nakokera mtembo wace ku Musengezi nauponya m'madzi. Anali ndi zaka 35.

Ambiri pomva mbiriyi amatama kulimba mtima kwa usiku umenewo, ndipo nkoyenera. Koma ine ndiyesa kuti munthu sapeza mtima wotere mwadzidzidzi. Amene anaphunzira ali ndi zaka 17 kusathawa tsace ndi kuseka kwa anzace, amene sanathawe fungo la odwala, kapena malungo a ku Inhambane, kapena kutopetsa kwa kuphunzitsa akapolo, anali atazolowera kale kukhala pamene waikidwa kufikira nchito itatha. Ambuye anaphunzitsa zomwezi pa Luka mutu 16, kuti kukhulupirika kwa munthu pa zazikuru kumaoneka poyamba pa zazing'ono.

Tisamuiwale Bambo André Fernandes, amene tinamsiya ku Tongue. Irmão André da Costa anadwala nacoka, tsono iye anatsala yekha. Anthu amene anabatizidwa mwamsanga aja sanafune kusiya mitala, kulowa cokolo ndi kuombeza. Atauza mfumu Gamba poyera kuti siingathe kugwetsa mvula, anthu anamuda namsala. Anakhala ndi njala, akudwala, wopanda mnzace womuuza zakukhosi, komabe anapitirira kuphunzitsa ana ndi ali yense wofuna kumva, zaka ziwiri zathunthu, kufikira akuru ace anamuitana kuti abwerere ku India m'caka ca 1562. Sanaphedwe, ndipo cifukwa ca ico ocepa amamkumbukira. Kwa ine zaka ziwiri zimenezo nzolemera ngati usiku wa ku Musengezi.

Zimene zinatsatira imfa ya Bambo Gonçalo nzomvetsa cisoni. M'caka ca 1569 mfumu ya Portugal inatuma Francisco Barreto ndi asilikali ngati 1,000. Pakamwa ankati akukabwezera imfa ya wansembe, koma maso ao anali pa migodi ya golide, golide yemwe uja amene wansembeyo anamkana. Atafika ku Sena, akavalo ao anayamba kufa ndi matenda a m'cigwa. Iwo anati Asilamu a pamenepo awathira mankhwala, nawapha mwankhanza yoopsa. Malungo anatha asilikali ambiri, Barreto mwini anafera ku Sena m'caka ca 1573, ndipo kwa Mwene Mutapa sanafikeko. Munthu amene anagona pa mphasa kudikira omupha wopanda ndodo m'manja sanapemphe kubwezera kotere.

Pambuyo pace kunabwera ansembe a cipani ca Dominiko woyera ku Sena ndi ku Tete, ndipo Ajezuiti anabweranso, kufikira anapitikitsidwa m'maiko onse a Portugal m'caka ca 1759. Atabwerera ku Zambezi m'zaka za m'ma 1880 anamanga misyoni ya Boroma, naipatsa dzina la Yosefe woyera, mmisiri wa ku Nazarete, ndipo pambali pa chalichi anaika nyumba zophunzitsiramo anyamata nchito za manja. Ku Zimbabwe, pa Chishawasha kufupi ndi Harare, Ajezuiti anatsekula m'caka ca 1964 nyumba yochedwa Silveira House, yophunzitsa anthu wamba za ulimi, za umisiri ndi za utsogoleri.

Manda a Bambo Gonçalo kulibe, pakuti mtembo wace sunapezeke. Musengezi amathira madzi ace m'Zambezi, pamene lero pali nyanja ya Cahora Bassa, kumtunda kwa Boroma ndi Tete. Mlandu wofuna kuti alembedwe m'gulu la odala unayambidwa kalekale, koma Eklezia sanagamule, conco pomchula m'mapemphero sitinena kuti woyera, timangoti mtumiki wa Mulungu.